Zowonjezera pa funso la HTLV-1, msana ndi mapapo

Munafunsa ngati kuchuluka kwa kachilombo ka HTLV-1 m'thupi kumagwirizana ndi HAM/TSP (matenda a mtsempha wa mumsana) komanso kutupa kwa mapapo. Inde, koma kayezedwe kake n'kosiyana ndi ka HIV. Kachilomboka kamakhala mkati mwa maselo a CD4, omwe ndi ena mwa maselo oyera a m'magazi oteteza thupi, ndiye mukayeza plasma (madzi a m'magazi opanda maselo) yokha simupeza kanthu. Amayeza DNA yake m'maselo oyera pogwiritsa ntchito PCR, njira yochulukitsa DNA kuti ipezeke poyeza.

Maselo ogwidwa akapitirira 1 pa 100 alionse, chiopsezo cha HAM/TSP chimakwera, ngakhale ambiri otero sadwala konse. Kwa odwala HAM/TSP, gawo la maselo ogwidwa limakula m'madzi a mumsana kuposa m'magazi, ndipo madzi amene madokotala amatsukira mapapo poyeza amadzaza maselo oyera otchedwa T.

Ma ARV satsitsa chiwerengerochi kwenikweni, poti maselowo amangogawikana okha. Wodwala HAM/TSP wouma miyendo amene chifuwa sichikumuthera ayezedwe TB kaye, kenako ajambulidwe mapapo ndi CT, makina ojambula m'kati mwa thupi.