Kodi RAM ya ECC ingagwire ntchito pa kompyuta yakunyumba?

Chisale wa ku Highfield:
Abale anga, ndikufuna kumanga kompyuta yosungiramo zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe zimene ndimajambula, ndipo ndalangizidwa kuti ndigule RAM ya ECC chifukwa imadzikonzera yokha zolakwika. Pa shopu ina m'tauni andionetsa ma RAM awiri a DDR4, a 16GB iliyonse, ochotsedwa mu seva (kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena) yakale, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa RAM wamba. Ndili ndi purosesa ya Ryzen 5 5600G ndi motherboard ya B550. Kodi ndigule?

A Banda a ku Mbare:
Achimwene, musatulutse ndalama musanawerenge kapepala komatidwa pa RAM imeneyo. Pambuyo pa zilembo monga PC4-2666V pamabwera chilembo china. Chikakhala R, ndiye kuti ndi registered, yopangidwira makamaka maseva, ndipo mukayang'ana pakati pake muona kachipu kena kakang'ono kosiyana ndi anzake. RAM yoteroyo ilowa bwinobwino m'malo mwake, koma kompyuta yanu siyaka. N'chifukwa chake imatchipa: maseva akapuma ntchito imatsala yambiri, pomwe ogula ndi ochepa. Yofunika kwa inu ndi ya chilembo E, imene ili ECC ya unbuffered (yopanda kachipu kaja), ndipo muno mu Harare imasowa, moti nthawi zambiri mumachita kuitanitsa ku Johannesburg n'kukailandira ku siteshoni ya mabasi ya Roadport.

Vuto lachiwiri ndi purosesa yanuyo. Ma Ryzen othera ndi G sagwiritsa ntchito ECC pokhapokha akhale a PRO, monga Ryzen 5 PRO 5650G. Ryzen 5 5600 imatha kugwiritsa ntchito ECC, koma ilibe graphics yakeyake, ndiye mudzafunikanso khadi ya graphics. Werenganinso buku la motherboard mosamala, chifukwa opanga ena amalemba kuti amalandira RAM ya ECC koma n'kuwonjezera kuti imayenda ngati RAM wamba, kutanthauza kuti palibe chimene chikukonzedwa. Ma board ambiri a ASRock ndi ASUS ndi amene amaitsegula.

Mayi Nangozo:
Ine ndikugwirizana ndi a Banda, koma ndikufunsa ngati muli ndi UPS, batire yothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima. ECC imakonza bit imodzi (kachidutswa kochepetsetsa ka deta, 0 kapena 1) ikatembenuka, ndipo zikatembenuka ziwiri imangozindikira n'kuchenjeza. Magetsi akathima pamene mukukopera zithunzi, ilibe chimene ingachite. Sindikunena kuti ndi yopanda phindu, pakuti kafukufuku wa pa maseva a Google amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti pafupifupi 8 mwa ma RAM 100 alionse ankakumana ndi zolakwika pa chaka. Koma ndi mmene magetsi amathimira kuno, ndalama zoyamba zipite ku UPS ndi hard drive yachiwiri yosungidwa kwina.

Mphwanga wa ku Dzivarasekwa:
Bambo Chisale, mukadzamanga musadzangokhulupirira kuti ECC ikugwira chifukwa kompyuta yayaka. Pa Linux lembani dmidecode -t memory. Pa Total Width payenera kuoneka 72 bits pomwe pa Data Width pali 64 bits, ndipo muonenso ngati EDAC, mbali ya Linux yoonetsa zolakwika za RAM, yayamba. Ogulitsa ena akuuzani kuti DDR5 iliyonse ili kale ndi ECC. Imeneyo ndi ya m'kati mwa chipu mokha, siiteteza deta paulendo wopita ku purosesa, ndiponso siikuuzani zolakwika zikachitika. Kumbali ya Intel, mapurosesa a Core a m'badwo wa 12 amafuna board ya chipset ya W680, yomwe ndi yodula kwambiri.

Chisale wa ku Highfield:
Zikomo nonse. Ndabwereranso kushopu kuja, ndipo pakapepala palembedwa PC4-2400T-R, choncho ndaisiya. A Banda, kodi 5650G ndingaiike pa board yomweyi popanda kusintha BIOS, pulogalamu ya m'board yoyambitsa kompyuta?