Chogwirira cha mlombwa ndi mkuwa: ndipake chiyani kuti chikhalitse?

Wosula wa ku Salima:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndasula mpeni kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, chogwirira chake ndasema cha mlombwa. Kutsogolo kwa chogwiriracho ndaikako mkuwa wachikasu uja amati brass, misomali yakenso iwiri ndi ya mkuwa womwewo. Mpeniwu ndi wa malume anga omwe ntchito yawo n'kutumbula chambo ndi kampango, ndiye uzikhalira m'madzi ndi m'magazi tsiku ndi tsiku. Anzanga akuti ndingopaka vanishi, koma mipeni ya vanishi yomwe ndimaiona kunyanja kuno imasendeka isanathe ndi chaka chomwe. Ndipake chiyani? Nanga mkuwawo ndiutani kuti usade?

Kalipentala wa ku Mchesi:
Achimwene, vanishi musiyeni. Pa tebulo ndi wabwino, koma pa mpeni amangokuta pamwamba. Akang'ambika penapake, makamaka pomwe mtengo wakumana ndi mkuwa, madzi amalowa kunsi kwake ndipo satulukanso, mtengo n'kuyamba kuda. Chinanso, vanishi akanyowa amaterera, pamene munthu wotumbula nsomba amafuna mpeni wogwirika.

Gulani mafuta a linseed, aja olembedwa kuti boiled, amapezeka m'mashopu a hadiweya. Mafutawa amalowa mumtengo n'kuumira momwemo. Muyambe mwakwecha ndi sandipepala wa nambala 220, kenaka wosalalirapo wa nambala 400. Mukatero nyowetsani chogwiriracho ndi kansalu, chiume, mukwechenso pang'ono, chifukwa madzi amadzutsa tiubweya ta mtengo ndipo ndi bwino tidzuke tsopano osati m'manja mwa malume. Pakani mafuta ndi chala, dikirani mphindi 15 kapena 20, ndiye mupukute onse otsala pamwamba mpaka paoneke ngati simunapake kanthu. Ambiri amalakwitsa apa: amasiya mafuta ali noninoni poganiza kuti chilimba kwambiri, mapeto ake chimangomata m'manja kwa masabata. Pakani kamodzi patsiku, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kenaka muusiye mpeniwo sabata yathunthu pamthunzi. Nyengo ya dzinja mafuta amachedwa kuuma, musafulumire.

Mlombwa mwasankha bwino. Sufufuma kapena kukhwinyata kwambiri ukanyowa, n'chifukwa chake timaukonda pa zitseko.

Chonde tsono, nsanza zomwe mwapukutira linseed musaziunjike pakona. Mafutawa akamauma amatentha, ndipo nsanza zounjikana zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chotambasula kapena muziviike m'madzi.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Ine ndimapaka supagulu, madontho ochepa pa kapepala, kangapo, kenaka n'kukwecha ndi sandipepala wosalala kwambiri. Chimawala ngati galasi ndipo madzi salowa. Tsiku limodzi ntchito yatha.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Kuwala kumawaladi, ndipo pa mpeni wokongoletsa m'nyumba sindingakutsutse. Koma supagulu ndi wouma gwa, mpeni ukagwa pamwala amatheteka, ndiye kuti ukonze uyenera kupala yense. Wa mafuta ukakalika umangopakanso, malume angathe okha.

Gogo wa ziboliboli, Mua:
Mwanawe, a kalipentala akuuza zoona. Ndingoonjezapo za mkuwa, poti sanazikhudze. Mkuwa uli ndi khalidwe lake, umada ukakumana ndi mpweya, thukuta ndi mchere, ndipo palibe chomwe ungapake chomwe chingapirire dzanja la msodzi. Usaukute ndi vanishi, adzasendeka mawangamawanga n'kunyansa kuposa kudako. Ukamaliza za mafuta, sungunula phula la njuchi, usakanize ndi timafuta ta linseed pang'ono, upake chogwirira chonse ndi mkuwa womwe, kenaka upukute ndi nsalu mpaka patenthe. Mkuwa ukadzada, ndimu ndi mchere pang'ono zimauyeretsa, koma utsuke ndi kuumitsa msanga, madzi a ndimuwo asakhalitse pachitsulo. Ukagwiritsa Brasso, mankhwala aja opukutira mkuwa, kulunga kaye mtengowo ndi tepi, apo ayi zakuda zotuluka pa mkuwa zidzalowa m'timaenje ta mlombwa ndipo sizidzachoka.

Mafuta ophikira usayese, sauma ndipo amasasa n'kuyamba kununkha. A nsatsi nawonso sauma.

Ukapeza mafuta enieni a tung, amenewo amakana madzi kuposa linseed ndipo sadetsa mtengo kwambiri, ngakhale amachedwa kuuma. Zimandiwawa kuti lero timachita kuwafunafuna, chonsecho mzinda wa Mzuzu unayambira pa esiteti ya mitengo ya tung mu 1947. Uwerenge bwino pachitini, chifukwa zina zolembedwa tung zimakhala zosakaniza ndi vanishi.

Wosula wa ku Salima:
Zikomo kwambiri nonse, ndiyamba ndi linseed ndi phula, popeza phula ndipeza kwa alimi a njuchi konkuno. Funso lomaliza agogo: chimake ndasoka chachikopa cha ng'ombe, kodi chingaononge mkuwa?

Gogo wa ziboliboli, Mua:
Eya, mpeni ukagonera m'chikopa chonyowa mkuwa umamera zobiriwira, chitsulonso chimachita dzimbiri, makamaka cha sipuling'i ngati chakocho. Uwauze malume azitsuka, kupukuta, n'kuusiya kunja kwa chimake usiku. Asamauviike m'beseni pamodzi ndi mbale. Chogwirira chikayamba kutuwa, dontho limodzi la linseed, apake, apukute.