Kodi opaleshoni yosintha mfundo ya m'chiuno imathetsadi ululu wa nyamakazi?

NaPhiri wa ku Zomba: Amayi anga, omwe ali ndi zaka 67, akuvutika ndi nyamakazi ya m'chiuno moti usiku sagona, ndipo adokotala ataona X-ray anena kuti mafupa akukhulana. Kodi opaleshoni ingawathandize pa msinkhu umenewu?

Achimwene a ku Dedza: Achemwali, msinkhu umenewo si chopinga, chifukwa ambiri amene amachitidwa opaleshoniyi ndi achikulire. Madokotala amadula mutu wa fupa la ntchafu umene waperepeseka n'kuikapo wachitsulo kapena wa ceramic (chinthu cholimba chonga cha mbale zadothi), kenaka amaika kachikho m'fupa la chiuno kuti mutuwo uzizungulira bwino. Njirayi inakhazikitsidwa ndi dokotala wina dzina lake Sir John Charnley ku England m'zaka za m'ma 1960, ndipo mfundo zambiri zoikirirazi zimatha zaka 15 mpaka 20 kapena kupitirira. Ululu umachepa kwambiri mwa anthu ochuluka, ngakhale kuti zoopsa zilipo: magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo, bala limatha kulowa tizilombo, ndipo mfundo yatsopanoyo imatha kuguluka.

Namwino wopuma: Musanavomere, funsani ngati mankhwala, ndodo ndi mafizo zayesedwa mokwanira, komanso shuga ndi BP ziyambe zakhazikika. Chimene ambiri amaiwala ndi kunyumba: m'masabata oyambirira amayi sayenera kukhala pamphasa kapena kunjuta kuchimbudzi, choncho muwakonzeretu mpando wautali.

NaPhiri wa ku Zomba: Zikomo nonse. Nanga adzayamba liti kuyenda?

Namwino wopuma: Kawirikawiri amaimitsidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, atagwira ndodo.