Kodi "chipala" ndi malo kapena ndi mwala?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa. Malemu agogo anga aamuna anali osula makasu, nkhwangwa ndi mipaliro, ndipo kukacha ankati "ndili ku chipala". Ine ndinkamva ngati akunena kachisakasa kaja munkakhala mvukuto ndi makala. Koma amalume akuti ayi, chipala ndi mwala womwe ankasulirapo.

Chandikumbutsa zimenezi ndi mkangano womwe tinali nawo ndi mnzanga pa za malupanga akale a ku Ulaya. Mukaona lupanga la ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, la pakati pa zaka za 800 ndi 1050, pakati pake pamakhala kangalande kotakata koma kosazama, kuchokera kuchigwiriro mpaka pafupi ndi nsonga. Ena mwa malupangawo analembedwa dzina loti Ulfberht m'kangalande momwemo. Mnzangayo akuti n'kodutsamo magazi, kuti lupanga lisakanirire m'thupi la munthu. Ambiri amatero, koma si zoona. Ntchito yake n'kupeputsa lupanga popanda kulifooketsa kwenikweni, monga njanji ya sitima ilili yopyapyala pakati koma siipindika wamba. Ku Japan kangalande ka pa lupanga lawo lotchedwa katana amakatcha hi, ndipo kamalira ngati mluzu munthu akatema mowongoka bwino.

Chimene chimandigwira mtima ndi kasulidwe kake. Wosula amaika kachitsulo kobulungira pa lupanga likadali psuu, n'kumamenya ndi nyundo. Chitsulo chimathawira m'mbali, lupanga n'kutakata, osatayapo kanthu. Masiku amenewo chitsulo chinali chovuta kuchipeza, ndiye nzeru imeneyi siyinali yamasewera. Agogo nawonso sankataya ngakhale kachidutswa ka khasu lotha.

Tsono apa ndiye pali funso langa. Kachitsulo kobulungirako pa Chingerezi amakatcha fuller, ndipo dzinali linachoka pa chidacho n'kukakhala la kangalande komwe. Ndikuganiza kuti chipala chinayendanso chomwecho: poyamba unali mwala, kenako anthu n'kuyamba kutchula malo onse ndi dzina la mwalawo. Koma awa ndi maganizo anga chabe, ndikufuna kumva kwa inu amene munakula mukupopa mvukuto.

Kwanu chipala chinali chiyani? Nanga mzere wokwera wa pakati pa nthungo, osula a kwanu ankautcha kuti chiyani? Agogo ankangoti msana.