Tizitini toyezera radon tafika, tigawana bwanji?

Mlembi: Abale, tizitini 30 toyezera radon tomwe mlongo wathu wa kunja anatumiza tafika pa Dedza boma. Maganizo anu.

Msungichuma: Wotenga aliyense asonkhe ya positi, chifukwa timawerengedwa ku labotale.

Achimwene a ku Linthipe: Tisonkhe kwa ndani? Lisiti ya mjigo ija mpaka lero sitinaione.

Aphunzitsi: Tiyambe tamvana chomwe tikuyeza. Radon ndi mpweya wochokera ku uranium wa m'nthaka ndi m'miyala, makamaka ya granite ngati ya m'mapiri a Chongoni. Sanunkha, saoneka. Panja amabalalika, koma m'nyumba amalowera m'ming'alu ya simenti, m'mbali mwa mapaipi ndi pansi pozira, n'kuunjikana. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati ndi mmodzi mwa oyambitsa khansa ya m'mapapo akuluakulu kupatula fodya, ndipo osuta ndiwo ali pachiswe kwambiri.

Aphunzitsi: Nyumba imodzi tiwiri, kuchipinda chogona ndi pabalaza. Ndiye kuti nyumba 15 basi. Ikani pamwamba pa tebulo kapena pa shelefu, ngati mita imodzi kuchokera pansi, kutali ndi windo, chitseko ndi dzuwa. Kukhitchini ayi, kubafa ayi, m'kati mwa kabati ayi. Lembani deti lomwe mwatulutsa m'pulasitiki. Tikhale pamenepo miyezi 3 osasuntha, chifukwa radon amakwera n'kutsika tsiku ndi tsiku. Mukachotsa lembaninso deti, mangani bwino, titumize sabata yomweyo. Kakangokhala m'chikwama kosamanga kamapitiriza kuwerenga, zotsatira n'kunama.

Achemwali a ku Bembeke: Nyumba 15 zonse zikhala za paboma ngati kale lija. Ife a kuno ndife ongosonkha?

Mlembi: Achemwali, palibe wanena zimenezo.

Amisiri: Tingoyeza nyumba imodzi pamudzi, enawo aonere pomwepo.

Aphunzitsi: Ayi amisiri, nyumba zoyandikana zimasiyana kutali malinga ndi pansi pake ndi mawindo. Ndipo tiyambe June mpaka August, nthawi yomwe chisanu chimatitsekera m'nyumba ndipo mavent ena timawatseka ndi nsanza. Pamenepo ndi pomwe mpweyawu umachuluka. A WHO amafuna usapose 100 Bq (muyezo wa kuchuluka kwa radon) pa kiyubiki mita ya mpweya, zikavuta usapitirire 300.

Amisiri: Ukaposa, ntchito ndi yathu. Matani ming'alu ndi m'mbali mwa mapaipi, tsegulani mavent mbali ziwiri zoyang'anizana. Kumata kokha sikukwanira. Pomanga yatsopano, thirani miyala ya kwale pansi, yalani pulasitiki wakuda wosabooka musanathire konkire, ndipo paipi ya PVC ya 110 mm ichokere m'miyalamo mpaka kupitirira denga. Ikathera m'siling'i mwangobweza mpweyawo m'nyumba.

Amayi a ku Lobi: Koma chomwe chikupha anthu m'chisanu ndi mbaula ya makala kuchipinda. Tizitiniti tiona zimenezo?

Aphunzitsi: Sitiona, mayi. Uwo ndi mpweya wina, umapha usiku umodzi. Mbaula isagone m'chipinda. Radon amatenga zaka.

Msungichuma: Za mjigo ndinafotokoza kale pamsonkhano. Amene sanabwere asandidetsere dzina.

Achimwene a ku Linthipe: Kufotokoza si lisiti, akulu.

Achemwali a ku Bembeke: Ine funso langa silinayankhidwe.

Wapampando: Tizitini tisatsegulidwe kaye. Tikumane Loweruka.

Achimwene a ku Linthipe: Buku la ndalama libwere Lowerukalo, apo ayi ine sindisonkha.