Kapu ya pa injection elbow ikudontha mafuta, ndiyigwire bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu a zamagetsi muli pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira makebulo a pansi pa nthaka a 15 kV (ma volti 15,000), okutidwa ndi pulasitiki ya XLPE, oikidwa m'ma 1980. Atayamba kuphulika pafupipafupi, mabwana anasankha kuwapopera mafuta a silikoni m'malo mokumba n'kuika atsopano. Kontrakita anachotsa ma elbow akale a 200 A (zolumikizira kebulo zopindika ngati chigongono) pa matransifoma n'kuikapo okhala ndi bowo lopoperapo, amene amati injection elbow. Atamaliza anatseka mabowowo ndi makapu (tizivindikiro).

Tsopano pa elbow imodzi m'munsi mwa kapu mwanyowa, fumbi lamatirira, labala nayo ikuoneka yofufuma. Layini ili ndi moto. Mnzanga akuti tingozula kapuyo ndi hot stick (ndodo yaitali yosadutsa magetsi), tipukute, tibwezeretse, kapena tiikepo kapu ya pa test point (poyezera ngati muli moto) poti n'zofanana. Ine mtima ukukana. Kudontha kotere kumachitikachitika? Nanga kapuyi ingazulidwe moto uli mkati?

Yankho loyamba: Achimwene, mnzanuyo muletseni lero lomwe. Test point siikhudza waya, imangomva mphamvu pang'ono kudzera mu insulation, chokutira chija chosadutsa magetsi. Bowo lopoperapo ndi nkhani ina, limaboola insulation yonse mpaka kukafika pa waya wa moto penipeni. Khungu lakunja la elbow ndi labala yodutsa magetsi, yolumikizidwa ku ethi (waya wopita kunthaka). Ndiye mukazula kapu, chatsala pakati pa ma volti pafupifupi 8,000 ndi ethi ndi kabowo ka masentimita ochepa, konyowa ndi mafuta amene atola madzi ndi litsiro la mu waya. Moto umalumpha pamenepo inu mutaima pafupi. Kapu yokhalitsa ili ndi kamtengo ka insulation kolowa m'bowomo n'kudzaza, kuti ntchito ya labala imene inabooledwa ibwerere. Ya pa test point ilibe kamtengo kameneko.

Yankho lachiwiri: Anapopa mwa njira iti, bwana? Ilipo yokankha mafuta ndi mphamvu yochepa kudzera pa elbow, amasiya thanki kwa milungu kuti kebulo imwe pang'onopang'ono. Ilipo ina ya mphamvu yaikulu, amazimitsa layini n'kumanga adaputa kumapeto kwa kebulo, mafuta n'kutsekeredwa mmenemo. Ngati inali yachiwiriyi, mu elbow simuyenera kupezeka mafuta n'komwe.

Wofunsa: Yoyambayo. Mathanki anakhala nthawi ndithu asanawachotse.

Yankho lachiwiri: Basi mafuta akadali mu nsinga za waya mpaka mu elbow momwe. Kebulo ikatentha ndi kuchuluka kwa magetsi odutsamo mafutawo amafutukuka n'kukankha kapu. Onaninso ngati transifoma imeneyo ili kumunsi kwa inzake, chifukwa kulemera kwa mafuta onse kumatsikira komweko. Komanso fufuzani ngati anaikadi kapu yokhalitsa, mwina anaiwalapo ija yopopera ya kachubu, zimachitika anthu akamathamangira kuweruka. Chondidetsa nkhawa ine ndi kufufuma mwanenako. Labala ikamwa mafuta imalekerera, siigwiranso kebulo kapena kapu mothina. Imeneyo n'njosintha elbow yonse.

Membala wina: Pepani kulowerera, mafutawo amachiritsa chiyani mu kebulo?

Yankho loyamba: Chinyezi chikalowa mu XLPE chimapanga timing'alu tonga nthambi, timene amati water trees. Mafutawo amayenda m'mipata ya pakati pa nsinga, n'kulowerera mu insulation, n'kugwirana ndi madziwo mpaka kudzaza timing'aluto. N'chifukwa chake kebulo ya waya mmodzi wolimba, kapena imene mipata yake inamatidwa kufakitale, siipopedwa.

Kubwerera kwa inu achimwene: zimitsani, yesani kuti mulibedi moto, ikani ethi mbali zonse ziwiri, kenako muziigwira. Mutsegule mosamala poti mkati mungakhale mphamvu yotsalira ya mafuta opanikizika, ndipo mafutawa amayaka. Zomata ndi silikoni ya m'chubu kapena tepi musayerekeze. Jambulani zithunzi musanapukute, aitaneni akontrakitawo adzaone okha, chifukwa mukayamba kukonza nokha adzati mwawononga ndinu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndapempha kale kuti tizimitse gawo limenelo, ndipo ndiyendera makapu ena onse a pa layiniyo. Funso lotsala: tikasintha elbow, mafuta amene atayike pamenepo akufunika kupopanso, kapena amene analowa kale mu insulation akwanira?