Anthu wamba ku America ankakaniranji cap and trade?

Mwana_wa_Zomba:
Abale thandizeni. Ndikuwerenga za bilu ya cap and trade ya ku America yotchedwa Waxman-Markey, inadutsa ku House of Representatives pa 26 June 2009 ndi mavoti 219 kwa 212 koma ku Senate sanaivotere n'komwe. Mmene ndamvera ine, boma limaika malire a utsi wa kaboni pachaka, kampani iliyonse imafunika chiphaso pa tani iliyonse yomwe yatulutsa, amene wachepetsa utsi amagulitsa ziphaso zotsala kwa anzake, malire aja n'kumatsika chaka ndi chaka. Makampani a malasha ndi mafuta kukana ndikumvetsa. Nanga anthu wamba ankalusiranji mpaka kumakakuwa m'misonkhano? Zikundiwawa chifukwa Freddy anatipululira anthu kuno pomwe utsi wambiri ndi wa iwowo.

Malume_Indiana:
Achimwene nthawi imeneyo ndinali kuno kale. Muyambe mwakumbukira kuti 2009 zinthu zinali zitathina, anthu akuluza nyumba, ma fakitale akutseka, pofika October anthu 10 pa 100 aliwonse ofuna ntchito analibe ntchito. Ndiye kuno ku Indiana magetsi pafupifupi onse ankachokera ku malasha, ku West Virginia chimodzimodzi, ndipo kuzizira kwa kuno si kwa ku Dedza ayi, chaka chili chonse miyezi ingapo hita imayaka usana ndi usiku apo ayi mapaipi amadzi amaphulika m'nyumba. Munthu wotero ukamuuza kuti malasha akwera mtengo dala, iye akumva bilu ya magetsi basi. Anzanga a kuntchito sankati cap and trade, ankati cap and tax, kutanthauza kuti ndi msonkho basi. Komanso Obama yemwe mu 2008 anali atanena yekha kuti pa pulani yake mitengo ya magetsi idzakwera kwambiri, kakilipu kameneko anakaseweretsa mpaka kutopa. A CBO, ofesi yowerengetsa za ndalama ya nyumba ya malamulo, anawerengetsa kuti banja lizilipira pafupifupi madola 175 pachaka pofika 2020, si zambiri, koma nambala imeneyo inafika kwa ochepa.

Nachisale265:
Malume zoona koma musaiwale kuti ena mwa "anthu wamba" aja anali ochita kutumidwa. Americans for Prosperity, gulu lomwe abale a Koch, mpondamatiki a bizinesi ya mafuta, ankaliika ndalama, linayenda dziko lonse ndi chibaluni chachikulu kunyoza nkhani ya kutentha kwa dziko. American Petroleum Institute, bungwe la makampani a mafuta, inakonza misonkhano ya Energy Citizens mu August 2009, ku Houston ambiri omwe anadzaza holo anali antchito a makampani a mafuta omwewo. Choipitsitsa, kampani ya Bonner & Associates inagwidwa itatumiza makalata abodza kwa phungu Tom Perriello wa ku Virginia, ngati alembedwa ndi mabungwe a anthu akuda ndi a Chispanishi. Mantha analipo inde koma wina ankakolezera moto ndi ndalama.

Malume_Indiana:
Achemwali sindikutsutsa. Koma mavoti a 2010 sanali abodza. Rick Boucher anakhala phungu wa dera la migodi ku Virginia zaka 28, anavotera biluyo, anagwa. Bob Inglis wa Republican anagwa pa ma pulaimale ku South Carolina, china mwa zifukwa n'choti ankavomereza poyera kuti nyengo ikusintha chifukwa cha anthu. Joe Manchin wa ku West Virginia, yemwe panthawiyo anali wa Democrat weniweni, chipani chomwe chinabweretsa biluyo, anajambula adiveti akuwombera pepala la biluyo ndi mfuti ndipo anawina. Anthu a m'migodi ankafunsa kuti mgodi ukatseka tidya chani, yankho logwira mtima panalibe.

Gogo_wa_Mitengo:
Ana anga pali mbali ina simunaitchule. Si onse okana anali a Tea Party, gulu lodana ndi misonkho lija. Mabungwe oteteza zachilengedwe a Greenpeace ndi Friends of the Earth anaikana biluyo chifukwa poyambirira ziphaso pafupifupi 85 pa 100 zimaperekedwa ulele, zambiri kwa makampani, kuphatikiza ma offset oti kampani ipitirize kufukiza bola yalipira mitengo kwina. James Hansen, katswiri wa zanyengo yemwe panthawiyo anali ku NASA, ankati bola msonkho wa kaboni wolunjika, ndalama zake n'kugawira anthu m'manja. Ku California, komwe cap and trade inayamba mu 2013, ena mwa omwe anakasuma kukhoti anali magulu a m'madera osauka, anthu ngati okhala pafupi ndi ma rifainale ku Richmond ndi Wilmington, ana awo ali ndi mphumu, akuti kampani ikagula chiphaso utsi umatsalabe pakhomo pathu. Ine mfundo imeneyi ndimaigwirizana nayo kwambiri. Ma offset omwewo ndi omwe abwera kwathu ndi mbaula za kaboni kirediti, ndipo mayi wophikira mbaulayo nthawi zambiri sauzidwa kuti kirediti yagulitsidwa zingati.

Mwana_wa_Zomba:
Zikomo nonse, za Greenpeace sindimadziwa. Ndaonanso kuti ku Oregon mu 2019 odula mitengo ndi madalaivala a malole a Timber Unity anadzaza Salem ndi mathiraki, maseneta a Republican n'kuthawa m'nyumba ya malamulo kuti korum isakwane, bilu ya cap and trade ya kumeneko n'kufa. Malume, kodi kumeneko alipo ma state omwe anayesa zobwezera anthu ndalama m'manja zija, ndipo anthu anazilandira bwanji?